Chigamba pa Bulangete la Apongozi

Mabulangete aja anafika chaka chachitatu chimwalirire mkazi wanga.

Masiku amenewo ndinkadulira tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo, ndipo ndinkagona kumalaini a antchito, m'kanyumba ka chipinda chimodzi. Loweruka masana ndi Lamulungu ndinkathandiza kumishoni. Sindinali mphunzitsi ayi. Ndinkasesa m'tchalitchi, ndinkamenya chidutswa cha njanji chimene chinali belu lathu, ndiponso ndinkamasulira. Bwana wa mishoni ndi adona, akazi awo, ankayankhula Chinyanja chomveka bwino, koma okalamba athu ambiri anawoloka mtsinje wa Ruo ali kale ndi imvi, ndipo ankamva Chilomwe chokha. Mzungu akayankhula, ine ndinkaima pambali pake n'kumabwereza.

Adona anali mayi wamtali, woyenda ngati wasiya kanthu pamoto. Mankhwala ankapereka ndi iwo, zilonda ankatsuka ndi iwo. Ankapsa mtima msanga, koma pofika madzulo ankakhala ataiwala.

Tsiku lina, mvula itangosiya, anandiitanira kukhonde la kuseri kwa nyumba yawo. Panali mitolo iwiri ikuluikulu yosokedwa m'ziguduli. Inayenda pa sitima ya pamadzi, kenako pa sitima ya pamtunda mpaka ku Luchenza, ndipo kuchokera kumeneko inabwera pamitu ya anthu. Adona anadula chingwe cha mtolo umodzi. M'katimo munali mabulangete otuwa, olemera, okhala ndi mzere wofiira kumapeto. Ankanunkha nkhosa ndi mankhwala othamangitsa njenjete.

"Awa achokera kwathu," anatero adona. "Atumiza ndi azimayi a mpingo umene ndinakuliramo. Si anthu olemera. Ena amachapira anzawo zovala kuti adye. Poyamba sanakhulupirire kuti kuno kumazizira, mpaka ndinawalembera za chiperoni."

Amene sanakhaleko kuno sangadziwe chiperoni. Ndi kamvula kawaziwazi kobwera ndi nkhungu m'miyezi ya Juni ndi Julaye. Kamatha masiku atatu kapena anayi osaleka, tiyi n'kumasangalala, koma anthu n'kumanjenjemera. Chaka chilichonse kankatenga okalamba angapo.

Tinagawa mtolo woyamba Lamulungu lotsatira, titatuluka m'mapemphero. Wachiwiri adona anati udikire kaye. Ine ndinkatchula amasiye, odwala ndi okalamba amene ndinkawadziwa, iwo n'kumapereka. Aliyense ankagwada, kulandira ndi manja awiri, kusisita ubweya uja, kenako n'kulipinda bwinobwino n'kulisenza pamutu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene analitambasula. Ndinaziona zimenezi, ndipo mtima unandiuza kanthu.

Mmodzi mwa olandirawo anali apongozi anga, mayi a malemu mkazi wanga. Ankakhala kamudzi kakang'ono m'malire a esiteti, mbali ya kwa Khwethemule, kumene ine ndinakhala zaka zambiri monga mkamwini. Maliro atatha, abale a mkazi wanga anandisudzula monga mwa mwambo, ndipo ndinachoka ndi khasu ndi mphasa yanga. Ana athu awiri anali atatsogola kale ali makanda, choncho panalibe chondimanga pamudzipo. Koma miyendo inali itazolowera njira. Sabata iliyonse ndinkapita ndi mtolo wa nkhuni, nthawi zina ndi kamchere.

Ine ndi apongozi sitinayang'anizanepo maso chikwatirire. Ndikafika ndinkanjuta pafupi ndi nkhokwe, nkhope itayang'ana kumbali, iwo ali pakhonde. Mawu athu ankadutsira mwa mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wanga, ngakhale kuti tonse tinkamvana bwinobwino. Mlamuyo anali ndi pakamwa.

"Alamu, nkhuni zokhazokha? Mkazi mudzabwera naye liti?"

"Ndikudikira inu kuti mukule."

"Iii, ana anayi onsewa, ndikule kufika pati? Kapena mukufuna mano athe kaye kuti ndisamakutherereni chimanga?"

Apongozi ankamva zonsezi, n'kumangofwenkha fodya wawo ngati sizikuwakhudza.

Chiperoni chitayamba, adona anayenda m'midzi ndi kabokosi kawo ka mankhwala, ine ndikuwanyamulira. Nyumba iliyonse imene tinalowa tinapeza zofanana. Wokalamba ali khwinyate pafupi ndi moto, atafunda chiguduli kapena kansalu kong'ambika. Bulangete osaoneka. Adona akafunsa, yankho linali limodzi: "Lilipo, lilipo, zikomo kwambiri." Titabwerera pakhonde lawo, adona anatembenukira kwa ine.

"Agulitsa," anatero. "Apita nawo kumasitolo a pa Goliati. Kapena adzukulu awo awalanda. Inu mumawadziwa anthu awa. Ndiuzeni zoona."

Ndinawapempha kuti andipatse masiku awiri. Sindinafune kuyankha ndi maganizo okha ndisanaone ndi maso.

M'mawa mwake, nditaweruka, ndinapita kwa apongozi. Ndisanafike n'komwe pabwalo ndinamva chifuwa chawo, chouma, chokoka kuchokera pansi. Anali atakhala pakhomo, mawondo pachibwano, chiguduli chakale cha tiyi chili pamapewa. Nditanjuta pamalo anga ndinati, "Alamu, tawafunsani amayi kuti bulangete lija lili kuti."

Mlamu sanaseke tsiku limenelo. Anangondikodola, n'kunditengera pakhomo, n'kuloza m'mwamba. Pakati pa mitengo ya tsindwi panali phukusi lokutidwa ndi masamba ouma a nthochi, lomangidwa ndi luzi mbali zonse kuti mwaye usalowe.

"Ndawachonderera mpaka pakamwa pauma," anatero mlamu monong'ona. "Akuti ndi la ulendo."

Apongozi anatsokomola, n'kuyankhula akuyang'ana nkhuku imene inkapalasa pabwalo. "Uwauze akamwini kuti mapazi a mwana wanga ndinawaona ndine. Iwonso anawaona."

Ndinawaonadi. Mkazi wanga anamwalira chaka cha njala, nsalu zonse za m'nyumba titasinthitsa ndi chimanga. Inatsala imodzi, yosuluka, yaifupi. Azimayi osambitsa mtembo atamukulunga, ikafika kumutu mapazi ankatsala pamtunda, ikafika kumapazi nkhope inkatsala. Anasankha kuphimba nkhope. Mphasa ndi imene inabisa zotsalazo. Sitinakambepo zimenezi, ine ndi apongozi, kufikira tsiku limenelo.

"Uwauze kuti ine sindidzapita choncho," anapitiriza. "Mphepo ndinabadwa nayo. Ndi mapazi pamtunda, ayi."

Ndinawaza nkhuni, ndinasonkha moto, n'kutsanzika.

Kwa adona ndinanena mosazungulira. "Sanagulitse. Ali kutsindwi. Akusungira maliro awo."

Anakhala pa mtolo wachiwiri uja. "Azimayi aja anadzimana kuti anthu afunde ali moyo. Ndiwalembere chiyani? Kuti mabulangete awo tikukwirira m'dothi?"

"Adona, kwathu kuno munthu akapita wosafunda bwino, manyazi amagwira mudzi wonse. Chiperoni chimatha mu Ogasiti. Koma mayi amene anaika mwana wake ndi nsalu yosakwana amakumbukira mpaka nayenso adzapite."

"Ndiye afe ndi mphepo kuti akaoneke bwino m'manda?"

"Iwo sakuona choncho. Akuona kuti mwawachotsera nkhawa yaikulu kuposa mphepo. N'chifukwa chake akukuthokozani ndi mtima wonse."

Lamulungu lotsatira bwana analalikira za nkhaniyi. Anati thupi ndi dothi, ndipo Mulungu polandira munthu sayang'ana chimene wafunda. Ndinamasulira mawu onse, osachotsa, osawonjezera, chifukwa ndimakhulupirira kuti ndi oona. Okalamba anagwedeza mitu n'kumati, "Zoona, zoonadi." Potuluka anamugwira chanza bwana n'kumuyamikira ulaliki wabwino. Kutsindwi sikunatsike kanthu.

Chifuwa cha apongozi chinkakulirakulira. Mlamu anandiuza kuti akadzuka m'mawa, miyendo ya amayi imakhala yozizira ngati mwala wa kumtsinje, ndipo kudya achepetsa, ngakhale nyemba za kalongonda zimene ankazikonda. Ndinaganiza zowapemphera bulangete lachiwiri pa mtolo wotsala uja. Nditamuuza mlamu, anapukusa mutu.

"Likabwera latsopano adzasungira ine. Lachitatu adzasungira achemwali awo a kwa Chimaliro. Tsindwi lathu ndi lalikulu, alamu."

Kenako, pofuna kundichotsa nkhope yachisoni, anakoka mkono wa jekete langa. Linali jekete lakale limene kapitawo wina anandisiyira, ndipo zigamba zake zinkachuluka kuposa nsalu yoyambirira.

"Koma inu ndiye mulibe vuto. Ili mukadzafa tidzalipachika m'munda liziopseza anyani. Okumba manda sangalole munthu kulowa pansi ndi zigamba zotere."

Ndinaseka, n'kunyamuka. Njira yobwerera inkadutsa m'minda ya tiyi, ndipo nkhungu inali itatsika mpaka m'mawondo. Ndili pakati pa mundawo ndinaima. Mawu a mlamu aja anali oona. Sindinaonepo munthu akuikidwa m'chinthu cha chigamba. Nsalu yaifupi inde, yosuluka inde, koma ya chigamba anthu amaikana, amati munthu akafika kwa makolo ake ngati analibe abale. Chinthu cha chigamba ndi cha amoyo basi.

Loweruka ndinapita kwa adona n'kuwauza maganizo anga: okalamba ofooka kwambiri tiwapatse bulangete lachiwiri, koma lililonse tilisoke chigamba cha chiguduli pakati penipeni, poonekera.

"Mukuti tiwononge zatsopano?"

"Sitidula ayi. Tingosoka pamwamba. Ziguduli n'zomwezi zinakuta mitoloyi."

"Nanga oyamba aja?"

"Asiyeni kutsindwi, adona. Amenewo akugwira kale ntchito yake."

Anayenda uku ndi uku pakhondepo. Anatenga bulangete limodzi, analitambasula, analisisita monga ankachitira okalamba aja. "Mayi amene anasoka m'mphepete mwa ili ndikumudziwa," anatero. "Maso ake ndi ofooka. Amasokera pawindo." Kenako anati, "Kabwereni ndi lumo."

Choyamba anasoka ndi iwo, ndi singano yawo yaing'ono, timisoko tating'onoting'ono tolunjika bwino. Ndinawapempha kuti andisiyire ntchitoyo. Ndinabwera ndi singano ya matumba ya kuesiteti ndi chingwe cha khonje, n'kumasoka misoko italiitali, yotalikirana ngati mapazi a munthu wothawa mvula.

"Bwanji mukusoka moipa chonchi?"

"Ndi mmene timasokera matumba, adona."

Sindinaname. Koma panali chifukwa china chimene panthawiyo sindikanatha kuchifotokoza bwino. Manja anga sankafuna kuti chigambacho chikhale cha muyaya.

Pogawa sitinabise kanthu. Ndinaimirira n'kunena m'Chilomwe kuti, "Loyamba lija sungani, palibe amene akulandeni. Ili ndi la mphepo." Mkulu wina wopanda mano, amene kale ankanyamula machila a azungu, analandira lake, analowetsa chala pansi pa chigamba, anafufuza, n'kukweza mutu.

"Anthu inu, taonani zodabwitsa! Chigamba chopanda chibowo! Kodi kwawoko amayamba ndi chigamba, khoswe n'kubwera pambuyo?"

Bwalo lonse linaphulika. Ngakhale adona, nditawamasulira, anabisa nkhope m'dzanja. Koma mkuluyo ali mkati moseka anali atadzikuta kale bulangetelo pamapewa. Ena awiri anachitanso chimodzimodzi asanachoke pabwalopo.

Apongozi sanabwere, anali atafooka. Lawo ndinapita nalo ndekha. Ndinalipereka kwa mlamu, iye n'kulitambasula pamaso pa mayi ake. Apongozi anachiona chigambacho. Kenako anayankhula, mawu atakwera kuposa mmene ndinawamvera mwezi wonsewo.

"Uwafunse akamwini ngati akundiona ngati thumba la tiyi."

"Alamu, akuti kodi mukuwaona ngati thumba la tiyi?"

"Auzeni kuti ayi. Auzeni kuti ndi la mphepo chabe."

"Uwauze kuti mwana wanga anakwatiwa ndi munthu wosadziwa kusoka. Ngakhale chule angadutse m'misoko imeneyi osakhudza."

"Alamu, mwamva nokha, ine sindibwereza."

"Uliike uko, agonerepo galu."

Pamudzipo panalibe galu. Mlamu analipinda n'kuliika kumutu kwa mphasa yawo, n'kunditsinzinira diso. Ndinabwerera kumalaini ndikupemphera m'njira, pemphero lalifupi, lomangobwereza mawu omwewo. Chiperoni chinagwa masiku atatu otsatizana sabata imeneyo, ndipo kapitawo sanatilole kuchoka msanga. Podulira tiyi zala zinkauma mpaka mpeni kugwa m'manja, ndipo nthawi zonse ndinkaganiza za miyendo yozizira ija.

Tsiku lachinayi dzuwa linatuluka. Nditafika pamudzi ndinawaona ndili patali. Anali atakhala pabwalo chofulatira njira, akuothera dzuwa, atadzikulunga bulangete kuyambira m'khosi mpaka kumapazi. Chigamba changa chinali pakati pa msana wawo, chachikasu, chopindika pang'ono. Pambali pawo panali mbale yopanda kanthu.

Mlamu anandichingamira. "Dzulo agona mpaka dzuwa kufika apa," anatero akuloza pamwamba pa nkhokwe. "Ndinachita mantha, ndinakawagwedeza. Anditukwana bwinobwino."

Ndinanjuta pamalo anga. Apongozi sanatembenuke.

"Uwauze akamwini kuti chinthu chawochi chimayabwa."

"Auzeni atembenuze, chigamba chikhale kunja."

"Uwauze kuti ndinadziwa kale zimenezo iwo asanabadwe."

Chifuwa chija chinatha pamene mitengo inkaphuka masamba ofiira. Pa okalamba amene analandira a zigamba, ambiri anafika nyengo yotentha ali moyo.

Adona analembera azimayi a kwawo zoona zonse, za tsindwi ndi za zigamba. Ankaopa kuti akhumudwa n'kuleka. Sanaleke. Chaka chotsatira unabwera mtolo wina, ndipo pofuna kutipeputsira ntchito, azimayiwo anasokeratu zigamba okha. Koma anasankha tinsalu ta maluwa, tofiira ndi tobiriwira, topindidwa bwino m'mbali, tosokedwa ndi ulusi wonyezimira. Amayi athu ataona anaimba nthungululu. Anati awa ndiye oyenera mfumu, ndipo mabulangete onse amene tinagawa anakwera kutsindwi tsiku lomwelo. Adona anaseka mpaka misozi. Otsalawo tinachita kusoka chiguduli pamwamba pa maluwa, ndipo m'kalata yotsatira adona anapempha azimayi aja kuti ntchito yoipitsa azitisiyira ife, poti tinali ndi munthu waluso lake.

Apongozi anaona chiperoni kasanu pambuyo pake. M'chaka chachitatu kunafika mayi wina wochokera kutsidya kwa Ruo, wothawa nkhanza za kumeneko, ali yekha, wodwala kale. Anagona masiku ochepa m'khitchini ya mlamu n'kumwalira. Panalibe womudziwa, ngakhale mudzi wa kwawo sitinaumve bwino. Anthu ankakambirana zomukulunga m'mphasa mokha. Apongozi anatuma mlamu kukwera kutsindwi. Phukusi la masamba a nthochi lija linatsika, luzi linadulidwa, ndipo mlendoyo anapita atafunda kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mzere wofiira uli pachifuwa.

Titabwerako kumanda ndinati, "Alamu, afunseni amayi, nanga iwo?"

Anafwenkha fodya kaye. "Uwauze kuti misoko yawo ija ndinaiwerenga kale. Ngakhale mwana angaimasule ndi chala."

Apongozi anamwalira m'nyengo yotentha, masana, atangomwa madzi. Uthenga unandipeza m'munda wa tiyi. Pamene ndinkafika, mlamu anali atakhala kuseri kwa nyumba, bulangete la chigamba lija atalichapa kale n'kuliyanika, lili pamiyendo pake. Analowetsa chala pansi pa chingwe cha khonje n'kukoka. Chinatuluka chonse ulendo umodzi. Bulangete lonse linali litasuluka ndi utsi ndi dzuwa, koma pamene panali chigamba panatsala malo otuwa bwino, ubweya wake uli wofewa monga tsiku limene tinamasula mtolo. Azimayi anawakulunga mwakuti malo atsopanowo akhale pamtima. Linakwana, n'kutsalako lopinda kumapazi. Ndinayang'ana dala.

Adona anabwera kumaliro. Anaona bulangete lija ndipo analizindikira. Anaimba nyimbo pamodzi ndi ife mpaka kumanda.

Anthu atabalalika, mlamu anandiitana n'kundiika kanthu m'manja. Chinali chigamba chija.

"Tengani katundu wanu, alamu. Kapena musokere pa jekete, pali malo amodzi otsala."

Sindinachisokere. Pansi pa tchalitchi chathu ndi pa njerwa, ndipo mawondo anga masiku ano sakhala bwino pozizira. Ndimachipinda pawiri n'kugwadapo. Chimayabwadi.